Nkhanza za Pasukulu M'masewero a Pakanema a ku Japan

Mnyamata wa pa Njuli, m'boma la Chiradzulu, amene adasenzapo chidebe cha wophunzira wa Fomu 4 kapena kulandidwa ndiwo ali mu Fomu 1, sangadabwe ndi masewero a pakanema a ku Japan. Nkhanza zimene Ajapani amazitcha "ijime" ndi zomwezo zimene zimagwetsa misozi m'sukulu zogonera za kuno kwathu.

Sewero la Kinpachi-sensei, lomwe lidaonetsedwa pakati pa 1979 ndi 2011, lidabweretsa mphunzitsi woleza mtima amene amabweza ana osochera ndi malangizo. Sewero la GTO la mu 1998 lidaonetsa Onizuka, yemwe kale adali m'gulu la anyamata ovuta oyenda pa njinga zamoto, akuwongola kalasi imene idagonjetsa aphunzitsi ena. Masewero awiriwa adachita bwino posonyeza kuti mwana wopulupudza nthawi zambiri amakhala ndi bala lochokera kwawo.

Komabe ali ndi chofooka chachikulu. Amasenzetsa mphunzitsi mmodzi denga lonse, chonsecho mutu umodzi susenza denga. Woonera amangodikira mpulumutsi, osadzifunsa za udindo wake. Kusukulu zenizeni, mphunzitsi sakhalapo pamene nyali zazima kumalo ogona.

Apa m'pamene sewero la Life la mu 2007 lidapambana anzake. Mtsikana Ayumu akuzunzidwa ndi Manami, yemwe adali bwenzi lake, pamene anzawo akuseka kapena kuyang'ana kumbali, ndipo aphunzitsi akuteteza mbiri ya sukulu. Pambuyo pake kalasi yomweyo ikutembenukira Manami. Motero sewerolo likuonetsa kuti mphamvu ya wozunza ili mwa anthu ongoonerera, ndi kuti kubwezera sikuthetsa nkhanza, kumangosintha wolira.

Izi si nthano chabe. Mu 2011 mnyamata wa zaka 13 wa mumzinda wa Otsu adadzipha atazunzidwa ndi anzake, ndipo mu 2013 dziko la Japan lidakhazikitsa lamulo lolimbana ndi mchitidwewu.

Olemba masewero a ku Malawi, kumene kanema wa dziko lino adayamba mu 1999, angatolepo phunziro. Sewero labwino lisathere pa kuchotsedwa sukulu kwa wolakwa. Liunikenso wophunzira uja amene adaona zonse nakhala chete, kuiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.