Sampa Tembo ndi madzi a mitsinje iwiri

Pa Feira, pomwe Luangwa amathira m'Zambezi, madzi a dzinja sasakanikirana msanga. Amatope a Luangwa amatsetsereka mbali yawo, a Zambezi mbali yawonso, mtunda ndithu, chonsecho mtsinje ndi umodzi. Nyimbo za Sampa Tembo, amene dziko limamudziwa kuti Sampa the Great, ndimazimva motero.

Anabadwira ku Ndola mu 1993, mayi ake Mbemba, bambo ake Mtumbuka. Anakulira ku Botswana, koma dzina linakamveka ali ku Australia. Oimba ambiri oyenda chonchi amasalaza nyimbo zawo kuti mlendo asavutike kumva. Sampa sasalaza kanthu.

Tamverani mmene chimbale cha The Return cha 2019 chimayambira. Mu "Mwana", nyimbo yoyamba, iye sathamangira kudzionetsa. Amapereka bwalo kwa mayi ake omubala ndi mng'ono wake Mwanjé, Chibemba chikumveka, kwaya ikuvomera. Kenako mufike pa "Final Form". Malipenga ake ndi a nyimbo za anthu akuda a ku America a m'ma 1970, koma liwu lokwera pamwamba pake ndi lake yekha: losasa pang'ono, lothina, lodziwa kuchedwa dala kumbuyo kwa ng'oma kenaka n'kuipeza mwadzidzidzi. Luso lake lili pa mpweya. Amadziwa pomeza mawu ndi powalavula, ndipo sapumira pomwe khutu likuyembekezera.

Pa kanema wa nyimboyi mumatuluka zilombo za Gule Wamkulu. Gule si wa kuchimuna kwake kapena kuchikazi kwake, ndi wa Achewa, ndipo chimandikhudza n'chakuti amaima pakati pa zilombozo ngati mwana wodziwa kuti pali eni. Kavalidwe kake nakonso n'komweko: tsitsi loluka mwaluso, mikanda, nsalu zowala zosokedwa mwamakono, chilichonse chikuoneka kumene chachokera.

Mliri wa Covid-19 utavuta mu 2020 anabwerera ku Zambia, nakhala pansi ndi katswiri wojambula nyimbo Mag44 kukonza As Above, So Below, chimbale cha 2022. Mu "Never Forget" anadzutsa Zamrock, mtundu wa nyimbo za rock za ku Zambia wa masiku a Paul Ngozi ndi gulu la WITCH, gitala wolira mokalipa, ng'oma zakwathu pansi pake, woimba Chef 187 akulavula Chibemba osamasulira munthu. Mu 2022 momwemo anakwera nsanja ya chikondwerero cha nyimbo cha Coachella ku California, ndipo oimba zing'wenyeng'wenye kumbuyo kwake anali a ku Zambia.