Ufulu Wopembedza Suchokera ku New York

Masiku ano timamva ophunzira ena akunena kuti ufulu wathu wopembedza ndi mphatso ya bungwe la United Nations ndi maiko otithandiza. Ife sitivomereza zimenezi, pakuti mbiri yathu yomwe ikuwatsutsa.

Chikalata cha ufulu wa anthu onse chinavomerezedwa mu 1948, ndipo ndime 18 imateteza chipembedzo. Dziko la Malawi linalowa m'bungwelo mu 1964. Komabe mu 1967 boma linaletsa Mboni za Yehova, ndipo mu 1972 ambiri a iwo anamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba chifukwa chokana kugula khadi la chipani cha MCP. Zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, kutsidya kwa malire amene tayandikana nawo kuno ku Lobi. Chikalata chija chinalipo, koma sichinazimitse moto.

Zinthu zinatembenuka pa 8 Marichi 1992, pamene kalata ya Aepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi. Boma linapirikitsa Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu. Maiko otithandiza, atakumana ku Paris mu Meyi, anaimitsa mbali ya chithandizo chawo. Anathandizadi, koma anatsata m'mbuyo mwa Eklezia.

Ndime 33 ya Malamulo a Dziko a 1994 nayonso ndi pepala chabe ngati sitiisunga mumtima. Msonkhano Wachiwiri wa Vatikani unaphunzitsa mu 1965 kuti ufuluwu umachokera mu ulemerero umene Mulungu anapatsa munthu. Choncho, makolo, phunzitsani ana kuti Msilamu kapena wa Mboni akamazunzidwa chifukwa cha chipembedzo chake, mkhristu asakhale chete. Mnzako akapsa ndevu m'zimire.