Thanthwe Lochedwetsa Madzi

Lipoti limene Isaac Winograd ndi William Thordarson anatulutsa mu 1975 ndi lalitali, lodzaza mapu ndi manambala a zitsime, koma kumayambiriro kwake kuli chidule chosakwana n'komwe tsamba limodzi. Chidulecho ndicho ndikufuna tichiwerenge modekha. Awiriwa anali akatswiri a madzi apansi panthaka ku U.S. Geological Survey, ndipo lipotili, lodziwika kuti Professional Paper 712-C, analilembera bungwe la Atomic Energy Commission, lomwe linkayendetsa Nevada Test Site, malo a m'chipululu omwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 105 kuchokera ku Las Vegas. Kumeneko dziko la America linayesa mabomba a nyukiliya maulendo 928 pakati pa 1951 ndi 1992, ndipo maulendo 828 anali apansi panthaka. Funso linali lodziwikiratu. Poizoni wotsala m'maenjemo akalowa m'madzi, alowera kuti, ndipo akafika liti?

Chidulecho chimayamba ndi kugawa miyala yonse ya m'deralo m'magulu 10. Chimene chimandikoka mtima ndi muyeso womwe anagawira. Wina akadatsata zaka za miyala, kapena mayina ake. Awa anafunsa mwala uliwonse funso limodzi lokha: kodi madzi umawalola kudutsa? Magulu 6 amalola, magulu 4 amavuta. Asanapume n'komwe, olembawo akutaya 7 n'kutsala ndi atatu omwe akuti ndiwo amalamulira kayendedwe ka madzi m'chigawo chonse. Awiri ndi miyala yakalekale ya pansi penipeni, umodzi mwa iyo ukhala thanthwe la laimu long'ambikang'ambika lomwe madzi amayendamo momasuka. Lachitatu ndi phulusa la mapiri ophulika lomwe linasanduka mwala, lotchedwa tuff, logona pamwamba pa laimuyo ngati chivundikiro.

Kuti timve chifukwa chake phulusa lalowa m'gulu la atatuwo, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka pafupifupi 12 miliyoni. Nthawi imeneyo kummwera chakumadzulo kwa Nevada kunkaphulika mapiri mwaukali woti denga la phiri linkagwera m'kati n'kusiya chidzenje chotambalala makilomita ambirimbiri. Phulusa lotchedwa Topopah Spring linatuluka zaka 12.8 miliyoni zapitazo, la Rainier Mesa zaka 11.6 miliyoni zapitazo kuchokera ku chidzenje cha Timber Mountain, ndipo kuphulika kulikonse mwa kuwiriku kunalavula phulusa loposa makyubiki kilomita 1,000. Linayenda ngati mtambo wamoto wokwawa pansi, kudzaza makwawa, kukwera zitunda. Pambuyo pake nthaka ya chigawocho inapitiriza kukokeka n'kumang'ambika, zigawo zina n'kutitimira kukhala zigwa monga Yucca Flat ndi Frenchman Flat, ndipo mchenga ndi miyala yokokoloka m'mapiri inakwirira phulusalo. Woyenda m'chigwa lero amangoona mchenga ndi zitsamba. Phulusa lili pansi pa mapazi ake, kutali.

Tsono phulusa lomweli olembawo aliika mbali zonse ziwiri, kwa olola madzi ndi kwa ovuta. Woumba njerwa angamve msanga nkhaniyi. Mu uvuni, njerwa zoyandikana ndi moto zimapsa mpaka kusungunuka n'kumatana, zimalira ngati chitsulo ukazigogoda, koma zimang'aluka. Zakunja zimatuluka zofewa, zomwa madzi. Phulusa lomwe linagwa likadali lotentha kwambiri linamatana chimodzimodzi kukhala mwala wolimba, ndipo pozizira linachita ming'alu. Madzi amathamanga m'ming'alumo. Lomwe linagwa litazizirako linatsala lofewa, ndipo litakhala m'madzi zaka zosawerengeka, galasi lake linasanduka dongo ndi miyala ina yotchedwa zeolite, yomwe inatseka timipata. Mwala wolimba ndiwo umadutsitsa madzi, wofewa n'kuwagwira. Wosadziwa akadaganiza zosiyana ndi zimenezi.

Liwu lomwe anasankha potchula phulusa lofewalo ndi aquitard, ndipo pamenepa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Akatswiri a madzi ali ndi liwu lina, aquiclude, lotanthauza thanthwe lotsekeratu madzi. Liwulo likadawakomera eni malowo, chifukwa likadatanthauza kuti poizoni watsekeredwa m'chigwa mpaka kalekale. Winograd ndi Thordarson sanatchule nalo gulu ndi limodzi lomwe. Aquitard ndi chochedwetsa. Ndi mtsuko wadothi womwe umasunga madzi akumwa pakona pa nyumba: sudontha poonekera, koma ukaugwira kunja wanyowa, ndipo pansi pomwe wakhala pali chinyezi. Ndimawalemekeza anthu awiriwa chifukwa cha liwu limeneli. Analembera wowapatsa ntchito, koma sanamuuze zomwe makutu ake akadakonda.

Manambala akutsata liwulo. Poyeza kuchuluka kwa madzi omwe thanthwe lingadutsitse, phulusalo alipatsa muyeso wosafika 200, pomwe laimu akufika naye mpaka 900,000 pa muyeso womwewo. Kenako pakubwera chiganizo chonena kuti pansi pa Yucca Flat madzi amayenda m'phulusamo mtunda wosakwana futi imodzi pachaka, kutanthauza masentimita osafika 30.5. Chikhato chimodzi ndi theka, chaka chathunthu.

Nambala imeneyi payokha n'njotonthoza, koma n'njosakwanira, ndipo wowerenga mwachangu apa ndi pomwe angasochere. Liwiro silikuuza nthawi ngati sukudziwa kutalika kwa ulendo. Tiyerekeze kuti pamalo ena phulusalo n'lochindikala mamita 300. Pa liwiro limenelo madzi atenga zaka pafupifupi 1,000 kapena kuposerapo kuti aliboole n'kufika m'laimu. Pomwe lapyapyala n'kutsala mamita 30, zaka zitsika kufika pa 100. Pomwe palibiretu, palibenso chochedwetsa. Ndipo zaka zimenezi zili ndi tanthauzo losiyana kwa poizoni wosiyanasiyana. Tritium amatha theka la mphamvu yake m'zaka 12.3, kotero zaka 100 zimamufooketsa kwambiri. Cesium-137 amafuna zaka pafupifupi 30. Plutonium-239 amafuna zaka 24,100. Kwa iyeyu, ngakhale zaka 1,000 ndi kanthawi kochepa. Choncho kuchindikala kwa phulusa lokwiririkalo ndiye nthawi yomwe anthu okhala kumunsi kwa madziwo apatsidwa.

Vuto n'lakuti phulusa silinayalidwe ngati mphasa pabwalo losesa. Linagwera pa dziko lomwe linali kale ndi zitunda ndi makwawa, motero linaunjikana m'maenje n'kupyapyala pamwamba pa zitunda. Ming'alu ikuluikulu ya nthaka, monga Yucca Fault yomwe inadutsa pakati pa chigwacho, inalidula n'kutsitsa mbali imodzi, kotero thanthwe lolola madzi likhoza kupezeka litagundana ndi lochedwetsa, kapena ndi laimu weniweniyo. Chidulecho sichikubisa zimenezi. Mawu ake oyambirira enieni akufotokoza miyalayi kuti ndi yong'ambika kwambiri ndiponso yoduka m'zigawo, asanatchule n'komwe madzi. Kudziwa kuchindikala kwake pamalo aliwonse kumafuna kuboola chitsime, kutulutsa zidutswa za mwala n'kuziyala motsatana m'mabokosi, kapena kuyeza mphamvu yokoka ya dziko, popeza mchenga ndi phulusa n'zopepuka poyerekeza ndi laimu. Chitsime chimakuuza za malo omwe chakumbidwa okhawo. Pakati pa zitsime ziwiri, mzere wa pa mapu ndi maganizo a katswiri.

Kuti kusiyana kwa malo ndi malo si nkhani ya pa pepala chabe kunaoneka pa 18 December 1970, lipotili lisanatuluke. Bomba lotchedwa Baneberry, lomwe linakwiriridwa ku Yucca Flat, linang'amba nthaka patangopita mphindi zochepa litaphulika, n'kutulutsa mtambo wa fumbi lapoizoni lomwe linagwera antchito 86. Ofufuza anapeza kuti pamalopo phulusa linali litasanduka dongo lodzaza madzi kuposa momwe ankaganizira, ndipo pafupi panali mng'alu wa nthaka. Madziwo anasanduka nthunzi, nthunzi n'kupeza njira.

Chitsanzo chachiwiri chinadza patapita zaka. Mu 1999 Annie Kersting ndi anzake anafalitsa m'magazini ya Nature kuti apeza plutonium m'madzi a chitsime chomwe chili pa mtunda wa makilomita 1.3 kuchokera pomwe bomba la Benham linaphulikira mu 1968. Anthu ankakhulupirira kuti plutonium amakakamira pa mwala, sayenda. Anayenda atamatirira ku tizidutswa tosaoneka ndi maso ta dongo ndi zeolite toyandama m'madzi. Tisawanamizire Winograd ndi Thordarson apa. Benham anaphulikira ku Pahute Mesa, komwe kuli miyala ya chiphalaphala yokhala ndi ming'alu, osati pansi pa Yucca Flat, ndipo nambala yawo ya futi imodzi anaimangirira ku Yucca Flat mwatchutchutchu. Komabe pali chondisautsa mtima pamenepa: zeolite yemweyo amene amatseka timipata n'kuchedwetsa madzi, akanyenyeka amasanduka chonyamulira poizoni.

Madzi akangoboola phulusa n'kulowa m'laimu, chidulecho chikupereka liwiro loyambira mafiti 0.02 mpaka 200 patsiku, ndiye kuti kuchokera pa mamilimita 6 kufika pa mamita 60. Nambala yachiwiri ikuposa yoyamba maulendo 10,000. Wina angati kupereka manambala otalikirana chotero n'kulephera ntchito. Ine ndikuona kuti ndi chilungamo, chifukwa laimu wong'ambika amatero ndithu, pena madzi amatsamwa, pena amayenda ngati m'paipi. Chidule chonsecho chadzaza ndi timawu todziletsa: osafika, osachepera, pafupifupi, zikusonyeza. Ngakhale ponena chinthu chachikulu chomwe anapeza, choti zigwa 10 zooneka zosiyana pamwamba n'zolumikizana pansi kukhala dziwe limodzi la masikweya kilomita oposa 11,000, akuti umboni ukusonyeza, sakuti watsimikiza.

Chomwe mulibe m'ziganizo zimenezi ndi munthu. Mulibe a Western Shoshone, omwe amanena mpaka lero kuti dzikolo ndi lawo potengera pangano la Ruby Valley la 1863. Mulibe alimi a m'chipululu cha Amargosa omwe amapopa madzi apansi. Sindikuwadzudzula olembawo, ntchito yawo inali ya miyala ndi madzi. Koma pothera penipeni akutchula komwe madziwo akulowera, kummwera ndi kummwera chakumadzulo, n'kutchulanso dzina la malo: Ash Meadows, komwe akasupe ondandalikana pa mng'alu wa nthaka amatulutsa madzi osachepera makyubiki mita 21 miliyoni pachaka pakati pa chipululu.

Ku Ash Meadows kuli phanga lotchedwa Devils Hole, pomwe thanthwe la laimu linatseguka n'kuonetsa madzi apansiwo, ofunda madigiri pafupifupi 33. M'menemo muli tinsomba totalika ngati mfundo ya chala, tomwe kwawo kwenikweni ndi m'phangamo mokha pa dziko lonse lapansi, ndipo timaikira mazira pa kashelefu ka mwala komwe madzi amangokaphimba pang'ono. Kupopa madzi kothirira minda kutayamba kutsitsa madziwo, nkhani inafika ku khoti lalikulu la America, ndipo mu 1976, chaka chimodzi lipotili litatuluka, khotilo linagamula kuti kupopako kuchepetsedwe kuti kashelefuko kasaume. Winograd mwiniwake anadzabwereranso ku phangali, ndipo mu 1992 iye ndi anzake anafalitsa mbiri ya nyengo ya zaka 500,000 yomwe anaiwerenga m'mwala womwe madzi omwewo anakhala akuunjika pa khoma la phangalo, pang'onopang'ono, kuchokera pansi pa zigwa zija.