Chigoba sichichita manyazi

Chimene chimanditopetsa pa nkhani ya mafilimu masiku ano ndi muyeso umodzi umene anthu aukakamira ngati palibenso wina: "Koma ndiye zikuoneka ngati zenizeni!" Anyamata a kuno kwa Kaphuka akamapatsirana mafilimu pafoni, mawu ake ndi amenewo. Chowawa n'chakuti ngakhale a ku Japan, eni luso, anagwa m'mbuna yomweyi atayamba kutenga makatuni akale a pa TV n'kumawasandutsa mafilimu a anthu enieni.

M'chaka cha 2004 chokha kunatuluka atatu, Casshern, Cutie Honey ndi Devilman, onse ochokera ku makatuni a mu 1972 ndi 1973. Devilman tisataye nayo nthawi, ku Japan komweko amaiseka mpaka lero. Casshern ya Kazuaki Kiriya ndi yokongola m'maso, sindikana. Pafupifupi yonse anaijambula pansalu yobiriwira, kompyuta n'kudzaikamo mizinda ndi chikhamu cha maloboti. Koma Kiriya anamuvula chisoti ngwazi uja, n'kumusenzetsa chisoni cha dziko lonse kwa maola oposa awiri. Gatchaman ya mu 2013 inachitanso zomwezo: achinyamata asanu aja ovala ngati mbalame inawakuta m'zovala zolemera zankhondo, n'kuwonjezerapo nkhani ya chikondi imene palibe anaipempha. Onsewa akudwala matenda amodzi, manyazi. Akufuna kutitsimikizira kuti zachibwana anazisiya.

Chonsecho munthu wojambulidwa pamanja mphamvu yake sili m'nkhope. Amadziwika ndi kaumbidwe kake, kaimidwe kake, ndi kachitidwe kamodzi kamene amabwereza sabata iliyonse mpaka mwana aloweze. Ife a ku Dedza sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Chadzunda akamatulukira pabwalo, ngakhale mwana amamuzindikira ali patali chifukwa cha kayendedwe kake kaukalamba. Ndani anafunsapo ngati kufiira kwa Simoni kukufanana ndi mzungu weniweni? Nkhope ija sisintha, koma mapazi, fumbi ndi ng'oma ndi zimene zimaipatsa ukali kapena nthabwala. Mukapita ku Mua, ku nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, mukapeza zigoba zambirimbiri zili phee, ndipo mudzaona nokha kuti popanda kuvina theka la nkhani palibe.

Amene anamvetsa izi ndi Takashi Miike, munthu wodziwika ndi mafilimu oopsa monga Audition. Mu 2009 anatenga Yatterman, katuni ya kampani ya Tatsunoko ya mu 1977, ndipo sanapepese kwa aliyense. Taonani akuba atatu a m'nkhaniyi. Kyoko Fukada, amene ndi Doronjo, wavala chigoba chakuda chophimba theka la nkhope, ndiye ufumu wake wonse ukuonekera m'mmene akukwezera chibwano ndi kuponda pansi. Katsuhisa Namase anavomera kumatidwa chimphuno ndi mano otuluka kunja kuti akhale Boyacky, ndipo mapewa ake, zala zake, kuwerama kwake pamaso pa bwana wake wamkazi, zonse n'zokokomeza dala. Uku ndiye kusewera! Munthu wadzikana yekha, wapereka thupi lake kwa chojambula. Akagonja, utsi wa bomba umakwera kumwamba mooneka ngati chigaza, atatuwo n'kuthawa pa njinga imodzi ya zishalo zitatu, chilango cha mkulu wawo Dokurobei chikuwadikira panjira. M'katuni muja zinkachitika mobwerezabwereza, ndipo Miike anadziwa kuti woonera wabwerera zomwezo.

Wina anena kuti Miike nayenso anadzaza kompyuta m'filimu yake. Inde anadzaza, yambirinso. Koma funso ndi lakuti kompyutayo wailemba ntchito yanji. Kwa Kiriya ntchito yake ndi kubisa kuti chinthuchi chinali cha ana. Kwa Miike, galu wachitsulo wotchedwa Yatterwan wasiyidwa akuoneka ngati chidole chofiira chongotuluka kumene m'shopu, ndipo anthu akulendewera m'mbali mwake popita kunkhondo. Hideaki Anno anayesako njira yofanana mu Cutie Honey, pojambula zithunzi za Eriko Sato chimodzichimodzi n'kuzilumikiza kuti azidumpha monga amadumphira wa m'katuni. Sizinamuyendere paliponse, koma m'malo amenewo mtsikanayu ali moyo kuposa ngwazi zonse zisanu za Gatchaman.