Malemba a pansi pa chivundikiro

Galimoto zambiri zimene zimapanikizana pa msewu wa Masauko Chipembere mu Blantyre m'mawa uliwonse zinayamba zatumikirapo ku Japan, kenako n'kukwera sitima mpaka ku Dar es Salaam kapena ku Durban, n'kudzalowa m'dziko muno pa Songwe kapena pa Mwanza. Buku la malangizo, likakhala kuti silinasowe m'njira, limafika lili m'Chijapani chokhachokha, ndipo limangogona m'kabati ya kutsogolo limodzi ndi malisiti akale. Komabe pali tsamba limodzi limene limawoloka nyanja lili m'zilembo zimene tinaphunzira kusukulu. Lili kuseri kwa chivundikiro cha bokosi lakuda la mafyuzi, pafupi ndi batire. Eni galimoto ambiri sanaliwerengepo, chikhalirecho ndi limene lingawapulumutsire ndalama Okutobala akafika, aircon n'kuyamba kupuma mpweya wotentha uli pakati pa mdipiti wa galimoto pa Chichiri.

Mukachigwedula n'kuchitembenuza chivundikirocho, mupeza timabokosi tojambulidwa, tina tating'ono, tina tokulirapo, tili ndi mayina oduladula. Pa Toyota zambiri mawu ake ndi onga awa: HORN, EFI, FAN NO.1, HTR, MG CLT, SPARE. Timabokosi tating'ono tokhala ndi manambala ngati 10A kapena 15A ndi mafyuzi. Tokulirapo topanda manambala ndi ma relay. Pa timabokosipo palibe chiganizo, palibe mneni, palibe mawu akuti "yambani apa". Wolembayo anangotchula mayina ndi malo, basi. Ndipo malowo amasokoneza, chifukwa chivundikiro mwachitembenuza, za kumanja zimatha kuoneka kumanzere. Wodziwa amayamba wafananiza kaye kakhalidwe ka timabokosi tikuluikulu ndi zimene akuona m'bokosimo asanazule kanthu.

Dzina lofunika kwa munthu amene akuwotcheka m'galimoto ndi MG CLT. Silitchula kuzizira, silitchula aircon, n'chifukwa chake maso amalidumpha. Likunena za klachi ya maginito imene ili pamphumi pa kompuresa. Gudumu la kompuresa limazungulira nthawi yonse imene injini ikulira, pokokedwa ndi lamba, koma limangozungulira lokha, kompuresayo ili phee. Magetsi akafika pa klachi, maginito amakoka chimbale chachitsulo n'kuchimamatiza ku gudumulo, pamamveka kuti "tha!", kompuresa n'kuyamba kupopa gasi. Klachi imeneyi imadya magetsi okwana ma ampu 3 kapena 4. Kabatani ka pa dashibodi sikanapangidwe kuti kasenze katundu wotere. Iko kamangopereka pempho kwa kompyuta, kompyuta n'kutumiza timagetsi tochepa ku relay, ndipo relay ndi imene imatsegulira njira magetsi ochokera ku batire.

Apa m'pamene tsambali limanena zoona koma osamaliza. Limaika MG CLT m'kabokosi kake payokha, ngati kuti ndi yodziimira. Relay ili ngati nyakwawa: imanyamula mawu a amfumu, siigamula mlandu. Kompyuta isanaitume, imayamba yafunsa swichi yoyeza mphamvu ya gasi m'mapaipi. Gasi akachepa kwambiri, kapena mphamvu ikakwera mopitirira, imakana. Imafunsanso kachipangizo koyeza kuzizira m'kati mwa dashibodi kuti madzi asaundane, ndipo pa galimoto zina imadula kompuresa kwa kanthawi dalaivala akaponda moto kwambiri pa mtunda. Choncho relay ikakhala duu, pali nkhani ziwiri zosiyana: mwina yafa, mwina sinatumidwe. Chivundikiro sichisiyanitsa zimenezi. Sichikuuzaninso kuti tsambali lili ndi linzake: fyuzi yolembedwa A/C pa galimoto zambiri ili m'bokosi lina, m'kati, kunsi kwa chiwongolero kapena kuseri kwa kabati, kumene munthu amachita kugwada kuti aone.

Tsopano mawu amene amakuchingamirani mukangoima pa malo ena okonzera galimoto, kaya ku Limbe kaya ku Ndirande, ndi akuti, "Gasi watha ameneyo, bwana." Nthawi zina boneti imakhala isanatsegulidwe n'komwe. Sindikuti akunama nthawi zonse, gasi amathadi. Koma chigamulo chofulumira chotere chimagwirizana kwambiri ndi botolo la gasi limene lili kale pakona kudikira kasitomala.

Dzina la HORN, limene likuoneka ngati lilibe gawo pa nkhaniyi, ndi limene lingathandize. Pa galimoto zambiri relay ya hutala ndi yofanana ndendende ndi ya klachi: nambala yake imodzi, miyendo yake chimodzimodzi. Zikafanana choncho, injini ili chizimire, mumazisinthanitsa malo. Mukaliza injini aircon n'kuyamba kuzizira, hutala n'kusowa mawu, wolakwa wapezeka popanda kulipira tambala. Ndipo m'tauni muno palibe chipangizo chimene chimayesedwa pafupipafupi kuposa hutala. Aliyense amene anadutsapo pa siteji ya maminibasi ku Limbe angachitire umboni. Zikasiyana nambala, musakakamize, ngakhale miyendo italowa.

Relay nayonso ili ndi malemba ake pambali, aang'ono moti ena amachita kuwaunika ndi foni. Pamakhala kabokosi kodulidwa ndi mzere, kuimira koyilo, ndi mzere wina woduka pakati, kuimira swichi yotseguka. Pa za Toyota miyendo imawerengedwa 1, 2, 3, 5. Nanga 4 anapita kuti? Nambala imeneyo inasungidwira mwendo wachisanu umene umapezeka pa ma relay ena, wolumikizidwa pamene relay ikupuma. Zina zimatsata kawerengedwe ka ku Germany ka DIN 72552, ndipo manambala ake ndi 85 ndi 86 pa koyilo, 30 polowera magetsi a batire, 87 potulukira. Chinenero chasiyana koma nkhani ndi imodzi: miyendo iwiri imalandira uthenga, iwiri imanyamula katundu.

Wokonza zamagetsi wodziwa ntchito yake amawerenga kachithunzi kameneka ndi mita m'manja. Amayeza koyilo, imene pa ma relay ambiri otere imaonetsa pakati pa ma ohm 50 ndi 120. Kenako amapatsa miyendo ya koyilo magetsi a 12V kuchokera ku batire, n'kumvetsera kuti "tiki". Wophunzira ntchito amaimira pomwepo n'kunena kuti, "Ili bhobho iyi, madala." Madalawo sakhutira. Amaika mita pa miyendo inayo kuti aone ngati magetsi akudutsadi, chifukwa kulira kokha si umboni. Kompuresa imayaka ndi kuzima kambirimbiri pa ulendo umodzi, ndipo nthawi iliyonse timilomo ta m'kati tikamalekana pamathetheka kamoto. Pakapita zaka timilomoto timapsa, timachita mwaye ndi tizibowo. Relay yotere imalira bwinobwino koma osadutsitsa mphamvu yokwanira kukoka klachi.

N'chifukwa chake vutoli limakonda kubwera mozemba. M'mawa pochoka ku Machinjiri galimoto ikuzizira, masana pa Ginnery Corner yasiya, madzulo yayambanso. Pa Toyota zina kanyali ka A/C kamayamba kuphethira, kusonyeza kuti kompyuta yaona kuti injini ikuzungulira koma kompuresa sikutsatira. Komabe pano mpofunika kusamala, chifukwa klachi yotha imachitanso chimodzimodzi. Mpata wa pakati pa chimbale ndi gudumu umayenera kukhala pafupifupi theka la milimita. Ukakula chifukwa cha kuperepeseka, maginito akatentha amalephera kukoka. Mita ikaonetsa kuti magetsi akufika pa waya wa klachi koma chimbale sichikugwira, relay ilibe mlandu.

Palinso zivundikiro zimene MG CLT mulibemo, ndipo kusowa kwakeko n'kofunika kukuwerenganso. Galimoto zina zatsopanopo zili ndi kompuresa yopanda klachi, imene imangosintha kapopedwe kake. Pa Nissan zina relay inamangidwira m'kati mwa bokosi la kompyuta moti siizuka payokha. Honda zambiri sizilemba mawu, zimangojambula kachizindikiro ka chipale. Ndiye pali Prius ndi Aqua, zimene zachuluka m'tauni chifukwa chosamwa mafuta kwambiri. Kompuresa yake ndi yamagetsi, yodya kuchokera ku batire lalikulu, la 144V pa Aqua zoyamba ndi loposa 200V pa Prius. Mawaya ake ndi a mtundu wa lalanje, ndipo amenewo si oyesera ndi sikuludiraiva.

Chiganizo chathunthu chokha pa chivundikiro chimakhala chenjezo, kawirikawiri m'Chijapani, lakuti muzigwiritsa ntchito mafyuzi oyenera okha. Mitundu imathandiza amene sadziwa chinenerocho: yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yobiriwira 30A. Wolemba chenjezoli ankaganizira munthu amene sitolo ya zipangizo ili pafupi, ndalama ili m'thumba. Sankadziwa kuti tsamba lake lidzawerengedwa m'dziko limene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo zochokera kunja n'kuthawa. Kuno timabokosi tolembedwa SPARE timakhala topanda kanthu kalekale, ndipo fyuzi ikapsa ena amaikulunga ndi kawaya.

Luso lopulumukira lotereli ndimalilemekeza pa zambiri, koma pa relay ya klachi ayi. Kulumikiza miyendo 3 ndi 5, yonyamula katundu ija, ndi kawaya kwa masekondi ochepa pofuna kuona ngati klachi ikugwira ndi njira yoyesera imene amakaniko amaidziwa. Kusiya kawayako momwemo kuti bwana azipita akuzizidwa ndi kuchotsa mafunso onse amene kompyuta imafunsa. Mafuta ofewetsa kompuresa amayenda limodzi ndi gasi. Gasi akatha kompuresa n'kumapopabe, imauma n'kugwirana, tizitsulo take n'kumwazikira m'mapaipi monse. Kuonjezera apo, pa galimoto zimene mwendo wolowera uli ndi magetsi nthawi zonse, klachi imakhala ikudya batire usiku wonse, m'mawa n'kumafuna anyamata okankha. Relay yomamatirana m'kati imachitanso zomwezo. Kachipangizo kokwana m'chikhatho, kamene kakale kochotsa ku galimoto ina kamapezeka mosavuta ku msika wa Ndirande, sikoyenera kuphetsa kompuresa.

Relay ndi mafyuzi zikapezeka zabwino, m'pamene nkhani ya gasi iyenera kuyamba, ndipo nayo ili ndi malemba ake pa kapepala komatidwa kunsi kwa boneti. Pa galimoto zambiri za kuno pamalembedwa HFC-134a, gasi amene analowa m'malo mwa R12 m'zaka za m'ma 1990 potsatira pangano la ku Montreal la 1987, ndipo pambali pake pali nambala ya magalamu. Gasi ameneyu sapsa ngati petulo. Akachepa ndiye kuti pena pakudontha, ndipo kuthira wina osatseka podonthapo ndi kupangana kuti mudzakumanenso mwezi wamawa. Amathiridwa poyeza pa sikelo, osati pogwira paipi ndi dzanja kuti yazizira. Akachuluka mopitirira nambala ija, mphamvu imakwera dzuwa likaswa mtengo, makamaka potsika ku Thabwa kulowera ku Chikwawa, swichi imadula kompuresa, ndipo mwini galimoto amabwerera ku Blantyre kukagula relay yatsopano m'malo mwa imene inali yamoyo.