Maliro Asanduka Malonda

Kale pamudzi pakagwa zovuta, makolo athu ankatsitsa mawu, ndipo dzina la malemu linkatchulidwa mwaulemu. Koma lero munthu akaphedwa ndi bwenzi lake, manyuzipepala ndi wailesi zakanema zimayesa maliro ake phwando. Tiyeni tilingalire za mlandu umodzi umene ambiri a ife tikuukumbukira.

M'bandakucha wa pa 14 February 2013, mumzinda wa Pretoria ku South Africa, Oscar Pistorius, katswiri wothamanga ndi miyendo yochita kupanga, anawombera kanayi chitseko cha chimbudzi m'nyumba mwake, napha bwenzi lake Reeva Steenkamp, wa zaka 29. Tsiku lotsatira, mwambo wa maliro usanachitike n'komwe, nyuzipepala ya The Sun ya ku Britain inasindikiza patsamba loyamba chithunzi cha malemuyo ali m'zovala zosambira. Mlandu utayamba mu March 2014, a DStv anapatula tchanelo chathunthu kuti chizionetsa nkhani imeneyi yokha, usana ndi usiku.

Sitikunena kuti milandu iziweruzidwa mseri ayi. Chilungamo chimafuna mboni, ndipo n'kwabwino kuti anthu anadzionera okha m'mene khoti limayendera, kufikira m'chaka cha 2015 pamene khoti la apilo linagamula kuti Pistorius ali ndi mlandu wakupha. Chimene tikudzudzula ndi kafotokozedwe kake. Maso a dziko lonse anali pa misozi ya wakuphayo, pa mendulo zake ndi pa kugwa kwake. Nanga Reeva? Ndi angati mwa ife amene anamva kuti iye anatsiriza maphunziro a zamalamulo, ndi kuti ankadzudzula nkhanza zochitira akazi? Wakupha anasanduka mwini nkhani, wophedwa nasanduka chithunzi chokometsera tsamba.

Apa ndipo pagona ngozi. Nkhani zotere zikamalembedwa ngati nthano za chikondi chimene chinatha momvetsa chisoni, ana athu amaphunzira kuti mkwiyo ndi mantha n'zachibadwa pakati pa anthu okondana. Mnyamata amayamba kuganiza kuti kulusa ndiko kukonda. Mtsikana womenyedwa amakhala chete, poopa kuti akaulula adzasanduka nkhani ya pamsika. Ifenso mitima yathu imauma pang'onopang'ono, kufikira magazi a munthu, wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu, satichititsanso nthumanzi.

Tsono tisaloze chala atolankhani okha. Wamalonda amayala chimene anthu akugula, ndipo ogulawo ndife. Ndife timathamangira mutu wa nkhani wonunkha magazi. Ndifenso timatumizirana pa foni zithunzi za mitembo, osaganizira mayi amene anabala munthuyo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Tikadzakumananso ndi nkhani yotere, tidzifunse tisanaigule kapena kuitumiza kwa anzathu: kodi akanakhala mwana wathu, tikanalola kuti imfa yake ifotokozedwe chomwechi?