Amisiri Ofufuza Chipangizo Chosayankha

Ndimawalemekeza kwambiri amisiri ofufuza vuto la timeout m'maseva. Uthenga wa timeout sutchula chomwe chawonongeka. Umangonena kuti chipangizo china chinafunsidwa koma sichinayankhe mpaka nthawi yodikira inatha. Pa Linux, disiki ya NVMe imadikiridwa masekondi 30.

Wopupuluma amangotalikitsa nthawiyo, uthenga n'kusiya kubwera, nthenda ikadalipo. Mmisiri weniweni amatsegula kaundula wa BMC, kakompyuta kakang'ono kamene kamakhalabe maso ngakhale seva itazimitsidwa, bola ili pa magetsi. A Dell amakatcha iDRAC, a HPE amati iLO. Zolembedwa mmenemo amaziyerekeza ndi za kernel ya Linux, sekondi ndi sekondi. Kodi kutentha kunayamba kwakwera? Kodi mphamvu ya magetsi inatsika? Kapena sensa imodzi yagwira waya wa I2C, zinzake n'kusowa polankhulira?

Chimene chimandigwira mtima n'kuleza mtima kwawo. Amasintha chinthu chimodzi chokha n'kudikira, mwina sabata yathunthu, poti vutoli limabwera mwa apo ndi apo. Ngakhale firmware yatsopano saiika asanawerenge zomwe opanga akonzamo.